Bwato Salisiya

Kwathu ndi ku Nkhotakota, m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, kumene mwana wamwamuna amadziwa kugwira nkhafi asanadziwe kugwira pensulo. Komabe ine, mwana wa msodzi, ndidatha zaka 21 osapondamo m'bwato. Tsiku limene ndidadzakweranso bwato lidandipeza kutali ndi kwathu, ku Wales, mu Meyi 2019, pa gombe la matanthwe la chilumba cha Anglesey, pakati pa anthu makumi angapo amene adasonkhana Loweruka ndi Lamlungu kuti apalase timabwato tawo totchedwa kayaki pa nyanja yamchere. Zimene zidandionekera kumeneko ndakhala nazo mumtima kwa nthawi ndithu, ndipo ndikuzilemba tsopano chifukwa n'zimene zidandikakamiza kufunsa funso limene banja lathu lonse lidakhala likulizemba kuyambira mu 1998.

M'chaka chimenecho, mwezi wa Julayi, mwera uli pachimake, achimwene anga adamira m'nyanja. Adalawira m'bandakucha pamodzi ndi msuweni wathu kukavuula matchera amene adawasiya m'madzi dzulo lake, ndipo bwato lidagubuduzika ali kutali ndi doko. Msuweni adapulumuka, koma achimwene tidawapeza patapita masiku atatu. Ine n'kuti ndili ndi zaka 14. Maliro atatha, amayi adandiitanira kuseri kwa nyumba nandiuza mawu ochepa chabe: "Iwe nyanja uileke. Nkhafi yako ndi sukulu." Ndidamvera. Ndidamaliza sekondale, ndidapita ku koleji, ndidaphunzitsa kwa zaka zingapo, kenaka ndidapeza mwayi wokapitiriza maphunziro a zinenero ku Bangor, kumpoto kwa Wales. Zaka zonsezi nkhani ya tsiku lija sidakambidwepo pakhomo pathu. Dzina la malemu tinkalitchula, manda tinkalambula chaka ndi chaka, koma za mmene zidakhalira pamadzipo aliyense adali chete. Bambo adamwalira mu 2011 osanenapo kanthu.

Ku Bangor ndidali ndi mnzanga wa m'kalasi, mbadwa ya komweko, amene ankakonda kupalasa. Tsiku lina ndidamuuza monyada kuti nyanja ya kwathu ndi yotalika makilomita oposa 550, kuti pena imazama mamita pafupifupi 700, ndiponso kuti ndidakulira m'bwato. Iye adasangalala kwambiri, nati kumayambiriro kwa Meyi opalasa makayaki amasonkhana ku Anglesey, ndipo adzandibwereka kayaki ndi zovala zake. Ndikadatha kukana mwaulemu. Koma munthu ukakhala kwa eni, kumene chilichonse umachita kuphunzitsidwa ngati mwana, umalakalaka chinthu chimodzi chokha choti nawenso uoneke wodziwa. "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi," ndidatero, n'kumumasulira mwambiwo. Za achimwene sindidamuuze.

Tidafika Lachisanu madzulo. Anglesey, imene eni ake amaitcha Ynys Môn m'chinenero chawo, ili ndi kachilumba kena kumadzulo kwake kotchedwa Holy Island, kumene kuli doko la Holyhead lonyamukirapo zombo zopita ku Dublin. Msasa wathu udali pa msipu wina kufupi ndi kagombe kamchenga kotchedwa Porth Dafarch, kopanikizika pakati pa matanthwe. Galimoto iliyonse idasenza makayaki padenga, achikasu, ofiira, oyera, otalika mamita 5 kapena kuposerapo, koma opapatiza moti mulifupi mwake n'mongopitirira theka la mita. Eni ake adali anthu wamba: aphunzitsi, anamwino, okonza mipope, agogo opuma pantchito. Ena adachokera ku Scotland, ena adaoloka kuchokera ku Ireland. Ankakumbatirana ndi kufunsana za ana ngati achibale amene amaonana kamodzi pachaka. Dzuwa lidalowa cha m'ma 9 koloko, anthu akadali kumanga matenti ndi kufukiza tiyi.

Ndisakubisireni, owerenga, usiku umenewo ndidagona ndi mkwiyo. Ndinkamva kuseka kwawo kunja kwa tenti, ndipo mumtima ndinkati: taonani anthu okhuta awa, alipira ndalama zawo kudzasewera ndi chinthu chimene kwathu chimameza anthu ofuna ndiwo. Palibe ndi mmodzi yemwe pakati pawo amene ana ake akadagona ndi njala chifukwa choti iye sadapite panyanja. Mkwiyo umenewu sudali wopanda maziko, ndipo mpaka lero sudatheretu. Koma tsopano ndikudziwa kuti pansi pake padali mantha, ndipo mkwiyowo udali chofunda chimene ndidawafunditsa kuti ndisawaone.

M'mawa mwake tidasonkhana mozungulira bolodi loyera, ndipo apo m'pamene ndidazindikira kuti liwu loti nyanja lidandinyenga. M'Chichewa tili ndi liwu limodzi la madzi onse aakulu, koma madzi amene ndidakulira ndi amene adali patsogolo pangawa adali ndi makhalidwe osiyana. Nyanja ya kwathu imakwera pang'onopang'ono mvula ikagwa, n'kudzatsika m'chilimwe, ndipo zatha mpaka chaka chamawa. Nyanja yamchere imadzadza kawiri ndi kuphwa kawiri pa maola 24 ndi mphindi 50 aliwonse, pokokedwa ndi mwezi ndi dzuwa. Mwezi ukafa kapena ukakhala wathunthu, mphamvu ziwirizi zimakokera kumodzi, ndipo pa Holyhead madzi amakwera ndi kutsika mamita pafupifupi 5. Sabata imeneyo mwezi udali utangofa kumene. Madzi onsewo akamalowa ndi kutuluka pakati pa Britain ndi Ireland amayenda ngati mtsinje, ndipo pa maola asanu ndi limodzi amene amatenga kuti adzadze, theka la madziwo limabwera mu ola lachitatu ndi lachinayi lokha. Munthu aliyense pabwalopo adali ndi kabuku ka nthawi za madzi, ndipo ena ankalemba manambala ndi pensulo pamwamba penipeni pa kayaki.

Ndidakumbuka bambo. Iwo adalibe kabuku, koma ankadzuka pakati pa usiku, kuima pakhomo, kutchera khutu ku phokoso la mafunde ndi kuyang'ana mitambo ya kutsidya, kumbali ya Mozambique. Ankadziwa mpoto, vuma, zambwe ndi mwera monga munthu adziwira mayendedwe a anansi ake. Ankati mwera uli ndi chizolowezi chogona m'mawa n'kudzuka dzuwa likakwera, koma tsiku lina umadzuka msanga osauza munthu. Ndipo padali lamulo limodzi limene ankalibwereza pakhonde akamasoka ukonde, ife ana titakhala pansi: "Bwato likagubuduzika, salisiya. Mtengo sumira. Amene amamira ndi munthu." Mawu amenewa ndidawamva kambirimbiri, kufikira adasanduka ngati nyimbo ya m'kalasi imene mwana amaimba osaganizira tanthauzo.

Adatigawa m'magulu molingana ndi luso. Wotsogolera gulu la oyamba kumene adali mayi wina wachikulire, wa imvi mbuu, wamfupi, amene kale ankaphunzitsa masamu. Ndidawafotokozera kuti ine si mlendo m'bwato. Adamvetsera mwachidwi, nandifunsa za bwato la kwathu: kuti amasema ndi mtengo wanji, kuti timakhala bwanji. Ndidawauza kuti kale ankasema ndi mbawa, ndipo kuti timakhala pamwamba pa milomo ya bwato, miyendo ili m'kati, n'kumapalasa ndi nkhafi ya mutu umodzi. Atamva zonse adandifunsa kuti, "Nanga munayamba mwagwerapo m'madzi ozizira madigiri 10?" Ndidati ayi, kwathu madzi sazizira kuchepera madigiri 20. "Ndiye lero mukhala ndi ine," adatero, n'kutembenukira kwa munthu wina. Mnzanga uja adapita ndi gulu la akatswiri, ine n'kutsala ndi anthu asanu amene ena mwa iwo adali asanagwirepo nkhafi chibadwire.

Chimene tidayamba kuphunzira m'mawawo chidandikhumudwitsa koposa. Tisanapalase n'komwe, mayi aja adati aliyense agubuduze kayaki yake dala, pamadzi olekeza m'chiuno. Mu kayaki munthu amakhala pansi penipeni, miyendo italowa m'kati, ndipo amavala chinthu chonga siketi chimene chimatseka pakamwa pa bwato kuti mafunde asalowe. Likagubuduzika, munthu amakhala chadodolido m'madzi, atamangiririka, kufikira atakoka kachingwe ka kutsogolo kwa siketiyo. Ndidaona anthu akuluakulu akudzigwetsa, kuvuuka akutsokomola, anzawo n'kumaombera m'manja. Kwa ine zidali ngati kuona anthu akuyeserera maliro. Kwathu ngozi siitanidwa, ndipo munthu wogubuduza bwato dala akhoza kumufunsa ngati mutu wake ukuyenda bwino. Nthawi yanga itakwana ndidachita kamodzi, mothamanga, ndidakoka kachingweko, ndidatuluka, n'kunena kuti ndamva. Anzanga adabwereza katatu kapena kanayi, n'kuphunziranso kukwezana m'bwato pamadzi akuya. Ine ndidakhala pamchenga, ati kukonza chovala.

Masana tidatuluka m'kagombe kaja n'kukhotera kumanzere, kuloza ku Trearddur Bay, motsatira matanthwe. Pano ndiyenera kuvomera kuti nyanja ija idandikongolera. Matanthwe ake ndi a zaka pafupifupi 500 miliyoni, opindikapindika ngati nsalu yofinyidwa, odzala ndi mapanga ndi timipata. Kayaki imayenda mwakachetechete moti nyama zimene Angerezi amazitcha seal, zonga akatumbu aakulu, zinkavuula mitu pafupi nafe n'kumatiyang'ana ndi maso a ng'ombe. Manja anga adakumbuka madzi msanga. Ngakhale nkhafi idali ya mitu iwiri, thupi lidadziwa lokha kulandira funde ndi chiuno, ndipo posakhalitsa ndidali patsogolo pa anzanga onse. Kwa nthawi yoyamba chichokereni ubwana ndidamva chimwemwe chimene ndidaiwala kuti ndidali nacho, cha mwana amene bambo ake amusiyira nkhafi.

Tidafika pa mpata wina pakati pa matanthwe awiri. Mayi aja adatiimitsa natiuza kuti tiyambe tawerenga mafunde, pakuti amabwera m'magulu: aakulu angapo, kenaka kabata pang'ono. Adati tidutse mmodzimmodzi, aliyense adikire kuti iwo akweze nkhafi. Anzanga atatu adadutsa bwinobwino. Ine, poona kuti n'zosavuta, sindidadikire. Safunsa adadya phula. Ndili pakati pa mpatawo, funde lidalowa kumbuyo kwanga, lidandinyamula n'kunditulutsira kutsidya, kenaka lidagunda thanthwe n'kubwerera, ndipo lobwereralo lidakumana ndi linzake pansi panga penipeni. Ndidangoona thambo likupendekeka. Chubwi!

Pansi pa madzi padali pobiriwira ndi pamdima, ndipo kuzizira kudandigwira mutu ngati mbano yachitsulo. Sindikumbuka kuti ndidaganiza chilichonse. Dzanja lokha lidapita pa kachingwe kaja n'kukoka, monga lidachitira m'mawa. Nditavuuka mpweya udakana kundimvera, ndinkangopuma mobanika ngati mwana wolira kwambiri. Kayaki idali chafufumimba pafupi nane, poti n'kadatambasula mkono n'kadaigwira. Koma maso anga adaona matanthwe, adaona mtunda, ndipo thupi lonse lidati: uko. Ndidasiya nkhafi, ndidafulatira bwato, n'kuyamba kusambira. Apo m'pamene ndidamva mawu akuthwa kumbuyo kwanga: "Bwererani! Gwirani bwato! Gwirani bwato!" Mayi aja adakuwa m'Chingerezi, koma ine ndidawamva m'Chichewa, ndipo ndidadziwa mwini wake wa mawuwo. Ndidatembenuka.

Zotsatira zidachitika mwadongosolo lodabwitsa. Adandiuza kuti ndigwire nsonga ya kayaki yanga, ndipo mnyamata wina adatikoka ndi chingwe kutichotsa pafupi ndi matanthwe. Kenaka mayiwo adandisamutsira ku nsonga ya kayaki yawo, adakweza mutu wa yanga pamwamba pa yawo, madzi onse n'kukhuthuka, adaitembenuza, adaigundanitsa ndi yawo, n'kuigonera ndi thupi lawo lonse kuti isagwedere. Ndidakola mwendo m'kati, ndidakwawa chamimba, n'kukhalanso pampando. Sizidathe mphindi zitatu. Titakocheza pa kagombe kena, adandipatsa tiyi wa shuga wambiri, ndipo ndikunjenjemera choncho adandifotokozera mosakalipa. Adati mafunde akadandipera pa matanthwe amene ndinkathamangirawo. Adati m'madzi ozizira chotero manja amayamba kufooka pakangotha mphindi khumi, ngakhale a katswiri wosambira. Adati mutu wa munthu suoneka pakati pa mafunde, pamene bwato lachikasu la mamita 5 limaoneka patali, ndipo kayaki ili ndi zipinda zotsekeka kutsogolo ndi kumbuyo zimene zimaiyandamitsa ngakhale itagubuduzika. Pomaliza adati, "Pafupifupi aliyense amafuna kusambira. N'chifukwa chake timayeserera."

Ndidakhala pamwala, kapu ili m'manja, ndipo chimene ndidachidziwa kwa zaka 21 osachiyang'ana chidandiimirira pamaso. Za tsiku la ngozi ndinkadziwa zinthu ziwiri zokha, zimene ndidatola m'manong'onong'o a pamaliro: kuti msuweni adapezeka atakangamira bwato dzuwa lili pamutu, ndi kuti achimwene, amene adali katswiri wosambira pa doko lathu lonse, adalisiya n'kulunjika kumtunda. Mumtima ndinkawaimba mlandu mwakachetechete. Adaiwala bwanji lamulo la bambo? Tsopano ine ndemwe, amene ndidalimva lamulolo kambirimbiri, ndidali nditalithyola mtima usanagunde kakhumi. Chimene chidagwira ntchito pansi pa madzi paja chidali chinthu chimodzi chimene dzanja lidachitapo m'mawa, ngakhale monyinyirika. Zimene zidangolowa m'khutu zidatsalira kumtunda.

Madzulo tonse tidasonkhana m'holo ina yaing'ono. Ndinkayembekeza kumva anthu akudzitama, koma wotsogolera gulu lililonse adaimirira n'kufotokoza zimene zidalakwika tsikulo. Bambo wina amene wapalasa kuyambira unyamata wake adaulula kuti adasokoneza nthawi ya madzi ndi ola lathunthu, chifukwa kabuku kake kadalembedwa m'nthawi ya GMT pamene mawotchi a ku Britain amakhala atasunthidwa ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi, ndipo gulu lake lidapalasa molimbana ndi madzi mpaka kutopa. Anthu adaseka, ena n'kumalemba. Mayi aja adandifunsa ngati ndingalole kufotokoza zanga. Ndidaimirira ndi manyazi. Palibe adandinyoza, komanso palibe adanditonthoza kuti zidangochitika. Adandipanikiza ndi mafunso: Funde munaliona liti? Nkhafi munaisiya muli pansi kapena mutavuuka? Munaganiza chiyani poyamba kusambira? Ngozi yanga adaisenda ngati chinangwa, aliyense n'kutengapo kachidutswa kake.

Ndidaganiza za kwathu. Munthu akamira timati idali nthawi yake, timati Mulungu adapereka ndipo watenga. Mawu amenewa ndi ofunika, ndipo ndi amene adawagwira amayi kuti asagwe. Koma akanenedwa, chitseko chimatsekeka, ndipo wofunsa za mmene zidayendera amaoneka ngati akutokosa chilonda. Mafunso amene sadafunsidwe poyera sasowa kolowera, amakatulukira kuseri ngati manong'onong'o. Kwathu adagwera msuweni, mnyamata wa zaka 16: adapulumuka bwanji iye, wofookayo, katswiri n'kumira? Ena adatchula zamankhwala. Palibe adamunena pamaso, koma pang'onopang'ono adaleka kubwera pakhomo pathu, ndipo ife sitidamuitane.

Zokamba za ngozi zitatha, bambo wina adabwera ndi nkhafi yamtengo, yaitali ndi yopyapyala, nafotokoza kumene kayaki idachokera. Liwulo ndi la anthu a mtundu wa Inuit, ndipo ku Greenland amati qajaq. Lidali bwato la mlenje, lopangidwa ndi timitengo tokutidwa ndi zikopa, losakira nyama za m'nyanja. Mu 1959 mnyamata wina wa pa yunivesite ya Glasgow, Ken Taylor, adakakhala m'mudzi wa Illorsuit kumadzulo kwa Greenland, ndipo mmisiri wa m'mudzimo, Emanuel Korneliussen, adamupangira kayaki imene adabwera nayo ku Scotland. Anthu adaijambula miyeso, ena adaikonzanso, ndipo mu 1972 kampani ya Valley idayamba kupanga kayaki yotchedwa Anas Acuta motsatira maonekedwe ake. Makayaki ambiri amene adali panja pa holoyo adali zidzukulu za bwato la mmisiri uja. Bamboyo adatinso alenje a ku Greenland adali ndi njira zoposa 30 zodzitembenuzira pamodzi ndi kayaki osatulukamo: ndi nkhafi, ndi dzanja lokha, chingwe chitakola mkono. Njira iliyonse idali yankho la ngozi ina imene idaonekapo, ndipo ana ankaphunzitsidwa adakali aang'ono, poti m'madzi a kumeneko kusambira sikupulumutsa munthu.

Nkhani imeneyi idandisokoneza maganizo amene ndidagona nawo Lachisanu. Ndinkayesa kuti kuyeserera ngozi ndi masewera a anthu okhuta, koma eni ake enieni a mwambowu adali anthu onga bambo anga, opita pamadzi chifukwa cha njala ya ana. Anthu a m'holoyo adangobwereka, monga adabwerekera bwato lomwe. Ndipo mudzi wa Illorsuit, umene udapereka bwatolo, anthu adasamutsidwamo mu 2017, phiri litagumukira m'nyanja m'dera lomwelo n'kudzutsa funde lalikulu limene lidapha anthu anayi m'mudzi woyandikana nawo. Ndidadzifunsa kuti ndi angati mwa opalasa a ku Ulaya amene amadziwa dzina la mmisiri uja, ndipo pomwepo ndidazindikira kuti nanenso sindidziwa dzina la amene adasema bwato la bambo.

Lamlungu kudacha ndi mphepo. Mayi aja adayang'ana nyanja, adamvetsera zanyengo pa wailesi, nati gulu lathu silituluka. "Nyanja idzakhalapo ndi mawa lomwe," adatero. M'malo mwake tidayenda pansi kukwera mtunda wa Penrhyn Mawr, kumadzulo kwa Porth Dafarch. Pamenepo madzi akamadzadza amapanikizika pa miyala ya pansi n'kuutsa mafunde oima malo amodzi, obangula ngati mathithi. Akatswiri ochepa adali m'menemo, tinthu tating'ono tamawangamawanga, tikukwera ndi kutsetsereka. Wina akagubuduzika ankadzitembenuza n'kupitiriza, ndipo akalephera, anzake awiri ankakhala atafika kale. Chakumpoto, kuseri kwa mapiri a m'gombe, kuli nsanja ya nyali ya South Stack, imene yakhala ikuchenjeza zombo kuyambira mu 1809.

Mawu a mayi aja oti nyanja idzakhalapo mawa adandibaya, chifukwa ndi mawu amene achimwene sakadatha kuwanena. Matchera adali m'madzi, ena mwa iwo obwereka, ndipo kuwasiya tsiku lina mwera ukuomba kudali kuwataya. Opalasa a ku Anglesey ali ndi ufulu wobwerera kukamwa tiyi. Ali ndi majekete oyandamitsa, zovala zosalowa madzi, ndi mawailesi a m'manja oitanira thandizo pa tchanelo 16. Ku Trearddur Bay ndi ku Holyhead kuli mabwato opulumutsa a bungwe la RNLI, limene lidakhazikitsidwa mu 1824 ndipo ambiri mwa opalasa ake ndi ongodzipereka. Kayaki yatsopano imodzi imagulidwa mapaundi zikwi zingapo, ndalama zimene kwathu zingagule matchera a doko lonse. Kukakhala kulakwa kwakukulu kuti ndibwerere kwathu n'kumaphunzitsa asodzi kusamala, ngati kuti chimene chimawapha ndi umbuli. Asodzi a kwathu amaidziwa nyanja yawo kuposa mmene aliyense wa m'holo ija angaidziwire. Koma pa zonse zimene ndidaona, ziwiri zidali zosalira ndalama: kugubuduza bwato pamadzi osaya, ndi kufunsa wopulumuka kuti afotokoze.

Nditabwerera ku Bangor usiku womwewo, ndidapempha mlongo wanga nambala ya msuweni. Ndidaimba Lolemba m'mawa. Titapatsana moni ndi kufunsana za ana, ndidati, "Asuweni, ndikufuna mundiuze za tsiku lija. Zonse, kuyambira pamene munachoka pa doko." Foni idakhala zii kwa nthawi yaitali, moti ndidayesa kuti yaduka. Kenaka adati, "Asuweni, zaka zonsezi inu ndinu woyamba kundifunsa."

Adalankhula pafupifupi ola lathunthu, ndipo zimene adanena zidagumula phunziro limene ndinkayesa kuti ndalimvetsa. Achimwene sadalisiye bwato msanga monga ndidachitira ine. Adalikangamira nthawi yaitali, akumulimbikitsa msuweni, akumubwerezera mawu omwe aja a bambo. Koma dzuwa litakwera adaona kuti mnyamatayo manja ayamba kuleka, ndipo mwera ukuwakankhira kumpoto, kutali ndi kumene asodzi ena adali. Adadula chingwe cha matchera, adamanga mkono wa msuweni ku bwato, adakoka mfundo kawiri kuti aone ngati yalimba, nati, "Usamasule, ngakhale uone chiyani. Ndikukaitana anthu." Mtunda unkaoneka pafupi. Msuweni adawaona akukwera mafunde atatu kapena anayi, kenaka sadawaonenso. Asodzi amene adamupeza masana adachita kudula chingwecho ndi mpeni, ndipo chipsera chake ali nacho mpaka lero. Lamulo la bambo achimwene sadaliiwale. Adalimangirira pa mkono wa mnzawo, iwo eni n'kulithyola akudziwa. Ngati adalakwa kapena ayi, ine amene ndidasiya bwato langa pa mtunda wa mkono umodzi sindingaweruze. Chimene chidandiwawa n'choti kwa zaka 21 ndidawaimba mlandu wa kuiwala, ndipo mudzi udamunong'ona mnyamata amene iwo adamupulumutsa, pamene yankho lidali pa mkono wa munthu wokhala nyumba zisanu kuchokera pakhomo pathu.

Ndidapita kumudzi mu Okutobala 2022, nyengo imene nyanja imakhala bata. Tidakhala pansi ndi amayi, msuweni ali pomwepo, ndipo iye adafotokozanso zonse. Amayi adamugwira mkono uja, adasisita chipseracho ndi chala, osanena kanthu. Patapita masiku awiri, ine ndi msuweni tidatenga ana ake aamuna awiri ndi mwana wa mlongo wanga kupita nawo ku doko, tidakankha bwato mpaka pamadzi olekeza m'chifuwa, n'kuligubuduza. Anthu okonza nsomba adaimirira kutiyang'ana, ena akuseka, ena akupukusa mitu. Anawo adagwa, adavuuka, ndipo wamng'ono pa onse adayamba kusambira kuloza kumtunda, bambo ake n'kumukuwira kuti abwerere. Tidabwereza kasanu. Ndikutembenuka ndidaona amayi ataima pansi pa mtengo wa mango, chitenje chili kukamwa. Ndidatuluka m'madzi n'kupita kwa iwo, ndikuyembekeza kuti andikumbutsa zimene adandiuza kuseri kwa nyumba. Adandiyang'ana, adayang'ananso ana aja atakangamira bwato, nati, "Mwanawe, musapite nawo kwakuya."